Chiberekero n'chathu, chilolezo sitipempha

Asisi, tiyeni tiuzane zoona. M'mamawa uliwonse pachipatala, anamwino amaima patsogolo pa benchi n'kumatilangiza: bwerani mudzayezetse khansa ya khomo la chiberekero. Timagwedeza mutu, kenako timakwera minibasi kubwerera ku Nthukwa kapena ku Sigerege, nkhani n'kuthera pompo. Chifukwa chani? Akuti "bambo a kunyumba akana." Akuti "sangandione munthu wina kumaliseche." Koma tikamabereka bambowo sakana, eti?

Khansa imeneyi ndi imene ikupha azimayi ambiri ku Malawi kuno kuposa khansa ina iliyonse, ndipo dziko lathu lili m'gulu la maiko omwe yavuta kwambiri padziko lonse. Imayamba ndi kachirombo ka HPV, kofala pogonana. Amuna amakanyamula osadziwa. Ndiye amene angakupatseni kachiromboko ndi yemwenso akuletseni kukayezetsa? Ayi ndithu, zimenezo takana.

Kuyeza kwake sikovuta. Namwino amapaka viniga pakhomo la chiberekero n'kuona ngati pasintha mtundu. Zotsatira mumamva tsiku lomwelo, ndipo tizilonda toyambirira amatha kutithana nato tisanasanduke khansa. Sachotsa chiberekero ngati mmene amanamizirana pamjigo. Kuchipatala cha boma n'kwaulere. Ngati muli ndi zaka 25 mpaka 49, nthawi yanu ndi ino. Ngati muli ndi HIV musachedwe n'komwe: bungwe la WHO likuti chiopsezo chanu n'chochuluka kasanu ndi kamodzi.

Katemera wa HPV anayamba m'dziko muno mu 2019, kwa atsikana a zaka 9. Mpaka lero ena akubisa ana m'nyumba, akuti katemerayo amaumitsa mimba. Bodza! Chimene chingalande mwana wanu chiberekero ndi khansayo, ikapezeka mochedwa ku Queens.

Nanunso ogulitsa zitsamba pa WhatsApp, "zotsuka chiberekero", "zothina", tikukuonani. Mayi akutaya magazi atagonana, akutuluka chikazi chonunkha, inu mukumugulitsa botolo m'malo momuuza athamangire kuchipatala. Miyezi imene mukumudyera ndalamayo ndi imene ikanamupulumutsa.

Achipatala, nanu tili ndi mawu. Malangizo anu ndi abwino, koma ambirife tinafunsidwapo kuti "mwana ngati iwe ukufuna chani kuno?" kapena "amuna ako ali kuti?" Mtsikana wochititsidwa manyazi pamzere sabweranso. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati aliyense ali ndi ufulu wolandira chithandizo cha uchembere ndi kulera, kaya ndi wokwatiwa kaya ayi. Si chifundo chanu, ndi lamulo.

Sabata ino pitani pachipatala cha boma chapafupi mukafunse tsiku loyeza. Tenganani ndi mnzanu, mchemwali wanu, ngakhale apongozi. Wina akakubwezani kapena kukunyozani, tilembereni ku inbox. Amene munayezetsapo, auzeni anzanu m'makomenti mmene zinayendera, mantha awathere.