Za Nyengo: Kodi Napolo Achokera Kuti?

Alimi anzanga, mlungu wathawu tinakamba za mphepo zimene zilamulira chaka chathu. Mwera ndiye mwini chisanu cha June ndi July. Mpoto ndi mphepo yofunda, yodzala chinyezi. Pamene mphepo ziwirizi zikomana, mpweya wofunda ukwera kumwamba, nuzizira, nusanduka mitambo, ndipo mzere wokomanirawo ukafika pa dziko lathu mu November kapena December, ndilo dzinja limenelo. Mvula yotere ndiyo ya chimanga: igwa masana ndi mabingu, nikata, dzuwa nkuwalanso.

Lero tikambe za mvula ina, imene siikata.

Kum'mawa kwathu, kuseri kwa Mozambique, kuli nyanja yaikulu yamchere ya Indian Ocean. M'miyezi ya dzinja madzi ake atentha, ndipo akapyola madigiri 26, nthunzi yokwera pamenepo ichuluka, mphepo niyamba kuzungulira malo amodzi. Nonse mwaonapo kamvuluvulu pabwalo mwezi wa October, atanyamula fumbi ndi masamba. Tsono ganizani kamvuluvulu wotambalala makilomita mazana angapo, wonyamula madzi m'malo mwa fumbi. Ameneyo ndiye namondwe.

Chakudya cha namondwe ndi madzi ofunda a m'nyanja. Akatulukira kumtunda, ku Beira kapena ku Quelimane, ayamba kufooka, ndipo pofika kwathu kuno mphepo yake yachepa. Apa mpamene ambiri anyengeka. Mphepo yachepa, inde, koma madzi ali nawobe. Mitambo ija ikagunda phiri la Mulanje, Michesi, Zomba kapena Soche, ikwera, nizizira, nikhuthula zonse pomwepo, usana ndi usiku, masiku awiri kapena atatu. Dothi la m'phiri ndi losaya, ndipo pansi pake pali thanthwe. Likakhuta madzi lilemera ndi kuterera, nilekana nalo thanthwe lija, nilitsika pamodzi ndi miyala ndi mitengo kutsata khwawa.

Makolo athu ankati ameneyo ndi Napolo, chinjoka cha m'phiri chosamukira kunyanja. Ine sindiwaseka. Munthu amene anaonapo njira imene madzi otere asiya, yokumbika, yokhotakhota, yopanda ngakhale chitsa, adziwa chifukwa chake anatchula njoka. Napolo anadutsa ku Zomba mu December 1946 nagumula milatho. Anadutsa ku Phalombe mu March 1991. Mu March 2023 namondwe Freddy anagwetsera matope pa Chilobwe ku Blantyre ndi m'midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe, napha anthu mazanamazana.

Tsono inu okhala m'tsinde mwa phiri kapena m'mbali mwa khwawa, tamverani. A Boma oona za nyengo amuona namondwe akadali m'nyanja, masiku angapo asanafike. Wailesi ikalengeza, musayang'ane kumwamba ndi kunena kuti kuli mbee. Mvula ikafika tsiku lachiwiri osakata, kayendereni kumtunda kwa nyumba yanu kukadali masana. Mukapeza ming'alu yatsopano m'dothi, kapena mitengo yapendekeka, kapena kasupe watumphuka pamene panalibe, chokanipo tsiku lomwelo. Mtsinje ukachepa madzi mwadzidzidzi mvula ili kugwabe, musakondwere ayi: miyala yautseka kumtunda, ndipo dziwe limenelo likaphulika lidza lonse nthawi imodzi. Mukamva mkokomo ngati wa galimoto lolemera, musathawe kutsata mtsinje, pakuti matope athamanga koposa munthu. Thawirani cham'mbali, mokwera mtunda.

Kusamuka nkwabwino kukadawala. Usiku wa mvula, ndi agogo osayenda ndi mwana kumbuyo, simupita patali. Okalamba, odwala ndi ana atsogole. Mbuzi ndi ng'ombe zitulutseni m'khola, pakuti chiweto chomangidwa sichidzipulumutsa. Mbewu ikhale m'chitini chotseka bwino, choti munthu mmodzi anyamule pamutu. Ndipo amfumu ndi anthu awo apangane dzinja lisanafike kuti pothawira ndi pati, kaya pasukulu kaya patchalitchi cha pamtunda, kuti pa tsikulo pasakhale kufunsana.

Inu a ku Chikwawa ndi Nsanje musati nkhaniyi ndi ya anthu a kumapiri. Madzi ogwa ku Mulanje atsika ndi Ruo, nalowa mu Shire, ndipo akhoza kukupezani m'dimba kwanuko mvula italeka kale.

Wina adzafunsa kuti, kodi mitengo ikanatiteteza? Mvula ya namondwe ikhoza kugumula ngakhale phiri la nkhalango, koma phiri lometedwa ndi makala ligumuka msanga, popeza palibe mizu yogwira dothi. Za kubzala mitengo m'makwawa ndi kupanga akalozera m'minda ya motsetsereka tidzakamba mlungu wamawa.