Ndalama zosamalira ana banja likatha: lamulo la mu 2010 ndi moyo wa asodzi ku Lungwena

Banja likatha ku Lungwena, m'boma la Mangochi, funso loti ana akhala ndi ndani silivuta kawirikawiri. Anthu ambiri a m'derali ndi Ayao amene amatsata mwambo wa chikamwini, kotero mwamuna ndiye amanyamula katundu wake nabwerera kwawo, ana natsala m'mudzi mwa mayi wawo. Chimene chimavuta ndi choti bamboyo azipereka zingati, ndipo woweruza nkhaniyo ndi ndani.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 23, amanena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya makolowo ali pabanja, sanakwatirane kapena anasudzulana. Kuyambira mu 2017, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha gawoli, mwana ndi munthu aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la mu 2015 linavomerezanso maukwati a pachikhalidwe ndi a zipembedzo, kotero ukwati womangidwa ndi shehe kapena pamaso pa ankhoswe sungakhale pothawira.

Kawerengedwe ka ndalama kali m'lamulo losamalira ndi kuteteza ana la mu 2010. Lamuloli silitchula chiwerengero. Limalamula khoti kuti lione zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chimene ali nacho, ngati pali chimene chikulepheretsa kholo kupeza ndalama, ana ena amene khololo likusamalira, ndi kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwanayo akukhala. Ku Britain zinthu n'zosiyana: kumeneko boma lili ndi mlingo wokhazikika, ndipo ambiri amapereka 12 peresenti ya malipiro awo pa mwana mmodzi, 16 pa ana awiri ndi 19 pa ana atatu kapena kuposerapo. Kuno zonse zili m'manja mwa majisitireti.

Kwa wogwira ntchito m'boma, monga mphunzitsi kapena mlangizi wa zaumoyo, ntchito ya khoti ndi yopepuka chifukwa malipiro ake ndi olembedwa ndipo amabwera mwezi ndi mwezi. Koma msodzi wa m'mbali mwa nyanja alibe pepala la malipiro. Usipa ukagwidwa wambiri amapeza ndalama zochuluka usiku umodzi, kenaka mphepo ya mwera ikaomba m'nyengo yozizira amatha masiku osalowa m'madzi. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsanso makoka ena pofuna kuti chambo chiswane. Palinso kusiyana kwakukulu pakati pa mwini boti ndi ukonde, ndi mlovi amene amangolandira gawo la zogwidwa. Chigamulo chonena kuti munthu wotere azipereka ndalama zofanana mwezi uliwonse chimaoneka bwino papepala, koma chimasweka mwezi woyamba wa mwera. Pamenepa m'pamene lipoti la ofesi yoona za chisamaliro cha anthu liyenera kugwira ntchito, chifukwa wogwira ntchito amene wafika padoko angathe kudziwa mwini injini ndi ndani, chinthu chimene bamboyo sanganene yekha m'khoti. Palibenso chifukwa chokanira kuti gawo lina la chithandizo likhale matumba a chimanga kapena fizi yolipidwa kusukulu nthawi imene nsomba zikugwidwa.

Mfundo ya ana ena ndi yolemera kwambiri m'dera limene mitala ndi yololedwa ndipo kukwatiranso si kwachilendo. Lamulo limamvetsa kuti thumba ndi limodzi, koma silinena kuti ana a banja latsopano ndiwo oyamba kudya.

Ena amati pachikamwini ana ndi a mbumba ya mayi, kotero udindo ndi wa amalume awo. Mwambowu unali ndi mphamvu pamene chuma chinali munda, umene unali m'manja mwa mbumbayo. Lero mwana amafuna yunifolomu, makope, mankhwala ndi fizi ya kusekondale, zonse zogula ndi ndalama, ndipo gawo 23 limatchula makolo. Ofufuza a sukulu ya ukachenjede ya udokotala ya ku Blantyre, pamodzi ndi anzawo a ku Tampere m'dziko la Finland, akhala akutsata kakulidwe ka ana ku Lungwena kuyambira zaka za m'ma 1990, ndipo kupinimbira chifukwa cha kuperewera kwa chakudya ndi vuto limene analipeza mobwerezabwereza. Ndalama zimene makolo amakanganirana ndi za phala la mwana wotero.

Chigamulo chikaperekedwa, mavuto awiri amatsalabe. Loyamba ndi mphamvu ya kwacha, imene inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zimene zinagamulidwa zaka zimenezo zisanafike sizigulanso zomwe zinkagula. Khoti lingathe kusintha chigamulo, koma pokhapokha wina atakadandaula, ndipo mayi wa ku Lungwena ayenera kupeza ya ulendo wopita kukhoti, mwina kangapo, nkhani isanathe. Bungwe la boma lopereka thandizo la maloya kwa osauka lilipo, koma ndi amayi angati a m'midzi ya kum'mawa kwa nyanja amene amalidziwa?

Lachiwiri ndi ulendo wa ku South Africa, umene amuna ambiri a ku Mangochi amayenda. Bambo amene ali ku Johannesburg kapena Durban amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru akafuna, ndipo akasiya, kalata ya khoti imathera kwa abale ake otsala kumudzi, amene lamulo silinawatchule m'chigamulocho.