KONA YA MASELEBU: Kofi imodzi inasiliza Ray Rice

Ba guy, imvelani iyi. Ku America kuli bola ija yogwira na manja, ya NFL. Wamene apatsidwa bola kuti athamange nayo, kuboola pakati pa vimadala vikulu-vikulu, bamuitana ati running back. Ray Rice anali mmodzi wa bakali pa nchito iyi.

Mfana uyu analowa Baltimore Ravens mu 2008 kuchoka ku Rutgers. Mu 2013 timu yake inawina Super Bowl. Ndalama, dzina, mafani, vonse anali navo.

Manje mu February 2014, mu lifiti ya kasino ku Atlantic City, anachaya kofi mkazi wamene anali kufuna kukwatira, mpaka anakomoka. NFL poyamba inamuimika magemu awiri chabe. Koma mu September TMZ inachotsa vidiyo ya mukati mwa lifiti, dziko lonse linaona. Tsiku lomwelo Ravens inamupitikitsa, ali na zaka 27. Anawina apilo, koma kulibe timu inamutenga futi.

Funso yanga ni iyi: kamera ikanakhala kulibe, sembe tinakamba chani? Mu komboni mwathu mulibe TMZ. Sisi akalira usiku, maneba timangoti "ni za m'nyumba izo," takweza voliyumu ya wailesi.

Masiku ano Rice amayenda kukamba na banyamata kuti basachite vamene anachita. Ni bwino, koma bola inapita.

Boyi, ukakalipa, choka panja upite ukapume. Ndipo iwe sisi, Victim Support Unit ili ku polisi. Osayembekeza vidiyo.

Tionana sabata ya mawa.