Musakwirire Mphatso za Atsikana

Acinyamata anzanga, m'mipingo yathu mukali akulu ena amene amati mtsikana wothamanga pabwalo la masewera alibe mwambo. Bodza limeneli tilikane!

Taonani Serena Williams wa ku America. Atate ake anamuphunzitsa tenesi pa mabwalo a anthu wamba ku Compton. Mu 1999, ali ndi zaka 17, anapambana US Open. Pofika 2017 anali atatenga zikho 23 za Grand Slam posewera yekha.

Atate akewo akanamvera akulu otere, mphatsoyo ikanakwiriridwa. Pa Mateyu 25, kapolo amene anakwirira ndalama ya mbuye wake ndiye anadzudzulidwa. Nanga wokwirira mphatso ya mwana wamkazi adzayankha ciani?

Loweruka lino atsikana alowe m'bwalo kukasewera, osati kukatungira anyamata madzi.