Kodi Intaneti Nayonso Idzangotipitirira?

Abale a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, tiri nao mlandu woyenera kuukamba poyera.

Ife a m'cigwa cino tinazolowera kuona zabwino zirikudutsa pakhomo pathu. Njanji ya ku Salima inatha m'caka ca 1935, nipita pakati pa minda yathu. M'caka ca 2022 anatsegula pa Golomoti makina a magetsi a dzuwa, a mphamvu ya megawati 20, koma ana ambiri a m'midzi awerengabe ndi tochi. Tsopano yafika intaneti, imene itumiza mau ndi zithunzi kutali m'kamphindi. Kodi nayonso idzangotipitirira?

Ndalama zace ziripo. Lamulo la 2016 linaika thumba lochedwa Universal Service Fund m'manja mwa MACRA, kuti makampani a lamya aziponyamo ndalama zofikitsira nchito zao kumene malonda sapindula. M'caka ca 2017 Banki ya Dziko Lonse inabwereketsa Boma madola 72.4 miliyoni a nchito ya Digital Malawi. Ngongole imeneyo idzabwezedwa ndi msonkho wa ife tonse. Ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 akhala kumidzi. Nanga gawo la ocurukawo liri kuti?

Ena ati, Wanjala sadya intaneti. Yambani mwatipatsa feteleza. Tiwayankha kuti, Inde, saidya, koma umbuli ndiwo umlanda cakudya cace. Mlimi wa mpunga wa ku Bwanje, posadziwa mtengo wa ku Lilongwe, abvomera mtengo uli wonse umene wogula auchula. M'caka ca 2020, pamene sukulu zinatsekedwa cifukwa ca mliri wa korona, ana a opeza bwino m'tauni anaphunzirabe pa intaneti. Athu anapirikitsa mbalame m'mpunga. Koma mayeso anali amodzimodzi. Kodi cimeneco ndi cilungamo? Taganizaninso za ana osamva a pa sukulu ya ku Mua. Wailesi siwathandiza konse, koma pa intaneti yamphamvu akhoza kuonana ndi abale ao ndi kulankhula nao ndi manja.

Makampani sitiwatsutsa kwambiri, pakuti wamalonda atsata phindu. Cifukwa cace nchitoyi iri ya Boma, monga misewu ndi milatho. Tipempha zinthu zitatu. Coyamba, ndalamazo ziyambire pa sukulu ndi pa zipatala za kumidzi. Caciwiri, mtengo utsike, pakuti nsanja yoima pamudzi iri yacabe ngati mlimi sakhoza kulipira. Cacitatu, Boma lilengeze caka ndi caka ndalama zimene zalowa m'thumbamo, ndi maina a midzi imene zafikako.

Akuru anati, Fodya wako ndiye ali pamphuno. Malonjezo a pa msonkhano sali athu kufikira tawaona ndi maso. Potero, akristu anzathu, pofika phungu kapena khansala, musangoomba m'manja ai. Mfunseni mwaulemu pamaso pa mafumu kuti, Intaneti idzafika liti pa sukulu yathu? Lembani yankho lace m'buku, ndipo caka camawa mudzamwerengere.