Nati imodzi yosamangidwa bwino imatipweteka tonse

Ambiri mwa ife amene tili kuno ku South Africa timadyera m'magalaja. Ku Johannesburg, Durban kaya Cape Town mupeza abale athu ali pansi pa galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Koma galimoto ikangobwerera kasitomala akudandaula, chala chimaloza mlendo, ndipo pakutha pa mwezi malipiro amabwera atadulidwa. Ife tikuti chitetezo chathu chagona pa zinthu ziwiri: ntchito yosakayikitsa, komanso kulemba bwino kuti wagwira chiyani ndani.

Tiyambe ndi ife eni. Makaniko amene wamanga manati a tayala mongoyerekeza, osatsiriza ndi torque wrench, akusewera ndi miyoyo ya anthu. N'chimodzimodzi amene wakonza mabuleki n'kutulutsa galimoto osayiyesa pamsewu, kapena wabwezera chitsulo chakale n'kunena kuti n'chatsopano. Paja nsomba ikawola imodzi zonse zawola. Mmodzi akachita chinyengo, mawa galaja yomweyo ikana m'bale wina amene sanalakwe kanthu.

Tidziwenso kuti kasitomala ali ndi lamulo kumbuyo kwake. Consumer Protection Act ya 2008 imati ntchito yokonza ndi zitsulo zimene zaikidwa zikhale ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Imapatsanso kasitomala ufulu wolandira zitsulo zakale zimene zachotsedwa, ndiponso wosalipira ntchito imene sanavomereze. Choncho ntchito yothamangira imabwerera basi, ndipo ikabwerera bwana amafunafuna woti amusenzetse mlandu.

Apa m'pamene job card imatipulumutsa. Lembanipo dzina lanu, ntchito imene mwagwira ndi zitsulo zimene mwaika. Mukaona vuto lina koma kasitomala n'kukana kulikonza, lembaninso zimenezo. Jambulani khadilo ndi foni galimoto isanatuluke. Kapitawo akakuuzani kuti mudumphe ntchito ina chifukwa nthawi yatha, mupempheni mwaulemu kuti asayine yekha. Amene walamula ndiye asenze udindo wake.

Eni magalaja nawonso amve. Si chilungamo kupatsa munthu wolembedwa ngati wothandizira ntchito ya makaniko wodziwa, popanda zida zoyenera kapena woyang'anira, kenako n'kumudula malipiro zinthu zikalakwika. Ndime 34 ya Basic Conditions of Employment Act ya 1997 imati bwana sangadule ndalama za chinthu chowonongeka pokhapokha wantchito atavomereza polemba, vutolo litachitikadi chifukwa cha iye, ndiponso atapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake. Ngakhale zitatero, zodulidwazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ake. M'ntchito za m'magalaja muli bungwe la MIBCO, limene limakhazikitsa malipiro ndi kumva madandaulo. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 oti akadandaule, choncho osazengereza.

Kwa inu amene mwagwira sipanala zaka zambiri koma mulibe pepala, funsani ku merSETA za njira ya ARPL, imene imathandiza munthu wodziwa kale ntchito kukalemba trade test. Ndipo inu akuluakulu m'magalaja, mnyamata akangofika kuchokera kumudzi musamuphunzitse njira zachidule. Muphunzitseni kuyang'ana nati iliyonse kawiri ndi kulemba dzina lake pa khadi mopanda mantha.