Mbava zikalowa m'kompyuta, yambani mwatseka chibowo

Mukadzuka m'mawa n'kupeza nkhokwe yabooledwa, chimanga chikutayikira pansi, simuyamba ndi kuitana mlonda kuti mumufunse mafunso. Mumayamba mwatseka chibowocho. Nanga bwanji makampani amene amasunga mayina athu, nambala za ziphaso ndi za mafoni athu amazengereza mbava za pa intaneti zikawalowera?

Taonani zomwe zidachitikira kampani ya Equifax ku America, yomwe imasunga mbiri ya ngongole za anthu. M'mwezi wa May 2017, mbava zidalowa m'makompyuta ake kudzera pa pulogalamu yomwe kampaniyo idachedwa kukonza ngakhale idachenjezedwa. Kwa masiku 76 zidakhala zikusamutsa zinsinsi pang'onopang'ono, popanda wozindikira, chifukwa chipangizo cholondera zotuluka chidali chitaleka kugwira ntchito. Atachikonza pa 29 July, adaona zachilendo ndipo mawa lake adatseka khomolo. Koma zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni zidali zitapita kale. Eni akewo adauzidwa pa 7 September. Madzi akatayika saoleka.

Ife tikuti pa ngozi yotere pali zinthu zitatu zosafunika kudikira msonkhano wa mabwana. Choyamba, kompyuta yomwe yalowedwa ichotsedwe pa netiweki msanga, koma isazimitsidwe kapena kufufutidwa, poti mapazi a mbava amakhala momwemo. Chachiwiri, mapasiwedi onse asinthidwe ndipo njira zomwe zinsinsi zikutulukira zitsekedwe. Chachitatu, eni zinsinsiwo auzidwe mwachangu kuti achenjere.

Ena amati kutseka makina kumaimitsa malonda ndipo kuulula kumachotsa ulemu wa kampani. N'zoona, ntchito imaima. Koma kutaya malonda a tsiku limodzi n'kochepa poyerekeza ndi mayi wa pamsika amene waberedwa mpamba wonse ndi munthu woimba foni akutchula dzina lake ndi nambala ya chiphaso chake molondola.

Tisaganize kuti izi n'zakutali. Mu February 2024, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti adalowedwa ndi mbava zomwe zinkafuna dipo.

Choncho inu a kubanki, a SACCO ndi a zipatala, gwirizanani lero kuti ndani ali ndi mphamvu zotseka makina usiku popanda kudikira bwana. Ndipo inu owerenga, woimba foni akadziwa dzina lanu, sindiye kuti ndi wa kubanki. PIN yanu musamuuze.